Nyumba Yopanda Mazenera

Njerwa zake tidaumba ndife,
chaka chomwe dzombe lidamaliza mapira ku Muloza,
ine, Mukhito, ndi mlamu wake wachibwibwi uja.
Khoma litafika m'chiuno, poti tisiye malo a zenera,
kapitawo adati pitirizani, muno simulowa dzuwa.
Tidayang'anana.
Kwathu nyumba yopanda maso timamangira mbuzi
kuopa kambuku.

Mwezi ukakhwima ankabwera,
wina pa machila, wina pa bulu,
wina pa njinga yamoto yotsokomola chikwere chonse:
azungu a tiyi, wa positi, dokotala wa ndevu zofiira.
Ankamanga tizikopa toyera m'chiuno
ngati anyamata otuluka ku simba.
Yanga inali nyali:
kupukuta galasi, kuthira palafini, kutuluka.
Pakhomo pankaima mmodzi wa iwo
ndi lupanga losadula ngakhale nthochi.
M'kati gogogo, katatu.
Zii.
Ankatchulana abale,
omwewo amene masana ankaberana antchito
ndi kutukwanizana za malire a minda.

M'mawa posesa ndinkapeza phula la makandulo
ndi miyala iwiri, wina wosema, wina wongotola,
yomwe ndidasenza ndekha kuchokera ku Lichenya
osauzidwa ntchito yake.

Mukhito adafa mvula ili m'kati,
tikiti ya thangata isanathe.
Tonse tidali owoloka, othawa zikoti za Apwitikizi;
manda a makolo athu adatsala kutsidya,
kuno tinalibe ngakhale mtengo woti n'kuulozera mwana.
Tidamukulunga m'chiguduli cha tiyi.
Chidaperewera.
Adalowa m'nthaka mapazi ali pamtunda,
zidendene zong'aluka zikutiyang'ana.

Usiku womwewo, kuseri kwa khumbi loyanikira masamba,
tidakhala asanu ndi awiri, opanda nyali.
Ndidabweretsa chitini cha palafini chotha.
Muhiriwa adachiboola pakamwa ndi msomali nati:
kobiri limodzi tikiti ikatha,
ndipo pakati pathu pasadzapezekenso
wopita m'chiguduli.
Lamulo lidali lomwelo basi.
Ena onsewa adabwera ndi mikangano.

Nakhumwa sankadziwa kulemba, ndiye tidamusankha mlembi.
Ankamanga mfundo pa chingwe cha khonje,
munthu aliyense chingwe chake,
ndipo sadasokonezepo ngakhale kamodzi.
Mlendo akagogoda tinkafunsa, wawoloka liti?
Wathu ankayankha, mapazi sanaume.
Akazi tidawaletsa.
Patapita zaka mkazi wanga adandiuza
kuti chitinicho ankachisuntha ndiye chiswe chikayandikira,
n'kuchibwezera tisanabwere.

Sindinganame kuti tidali oyera.
Khoromana adafukula chitini chaka cha njala,
makobiri onse adakathera m'zipanda ku Limbuli.
Tidadula chingwe chake pamaso pake.
Miyezi isanu ndi itatu osamupatsa moni,
ngakhale fodya.
Koma mtengo utamugwera ku nkhalango ya bwana
tidasonkhanso, mokwiya, tikung'ung'udza,
Muhiriwa adayenda usiku kukadzutsa mmwenye wa sitolo,
ndipo wakubayo adapita mu bafuta woyera
mpaka kumapazi.

Abale a m'nyumba ija adachepa pang'onopang'ono.
Nkhondo idatenga awiri, malungo atatu,
otsala adanyamula lupanga lawo kunka nalo ku tauni.
Denga lidagwa.
Lero muli mileme ndi chimanga cha mlonda,
ndipo wina adagumula khoma la kum'mawa,
zenera lidapezeka lokha.

Ife tili pa chitini chachitatu.
Anyamata akulemba m'kope tsopano, ndi pensulo,
akuti mawu a pakhomo ndi achikale,
poti iwo adabadwira kuno, sadawoloke kanthu.
Asinthe, ndi zawo.
Mwa asanu ndi awiri aja ndatsala ndekha,
phiri lija likadali kusuta mitambo yake osatifunsa.
Bafuta wanga ali pansi pa mphasa.
Ndidamuyeza dzana, chitseko chili chotseka:
akufika kumapazi,
n'kutsalako pang'ono.