Nkhalango ya ku Yeoville

Magetsi athimanso.
Lonjezo, bweretsa kasizasi kobuntha kaja,
makatoni amene tinapempha kwa Msomali wa pakona
lero aphuka nthambi.

Pepala la kusitolo ili, mitengo ya shuga ndi mafuta,
tilidule likhale mitengo ina,
yosandisowetsa tulo.
Sokosi ya bambo ako yobooka kuchidendene
ndi njoka tsopano, lende pa chingwe choyanikapo zovala.
Werenga achule: mmodzi, awiri,
wachitatu, chitsekerero cha botolo uja,
wathawira kunsi kwa bedi.

Nanga mvula?
Mpunga wapachikhatho m'chitini cha mkaka,
pendeketsa pang'onopang'ono, waaa!
mpaka a chipinda chapansi agogode ndi tsache.

Ukuti: Amama, nkhalango imanunkhira bwanji?
Ndimati ndikuuze za ku Ntchisi,
masamba onyowa, nkhungu yokakamira m'tsitsi,
koma matekisi akusokosa pa Rockey
ndipo iwe wanunkhiza kale katoni:
"Sopo!"

Chabwino, sopo.
Lemba N wa nyani, mchira ukhote.

Mawa ndilawirira kokachapa ku Sandton.
Chonde, usaithirire madzi.