Njira Yosadutsa Phula

Tinanyamuka pa Chitakale kusanayere bwino,
ine pa njinga yanga ya mabuleki a ndodo,
iye pa yake yopepuka ngati dengu lopanda kanthu,
magiya khumi ndi awiri,
chipewa cha chigoba ngati kamba wamugona pamutu.
Tiyanjane, wa ku Namiwawa,
amene ntchito yake ndi kuwerenga ndalama za eni ake.
Anati: Bambo Makwinja, ndionetseni njira yosadutsa phula.

Phula linathera pa mlatho.
Kuchoka apo ndi timiyala tokhatokha,
tofiira, tothetheka ngati chimanga m'chiwaya,
tikugogoda zitsulo, ngo! ngo!
Mathirakitala a tiyi anasiyamo mizere iwiri.
Ndinati tsatani wakumanzere,
wakumanjawo uli ndi ngalande imene inadya dzino la mphwanga.

Tiyi uku ndi uku,
wometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu Lolemba m'mawa.
Amayi a madengu kumsana anaweramuka pang'ono.
Wina anafuula: Makwinja, lero wanyamula mphepo?
Poti anazolowera kundiona ndi matumba atatu a makala
kapena wodwala wopita naye ku boma.

Chitunda chotsatira sichikambirana ndi munthu.
Iye anangodina kachitsulo, tcheni n'kusamuka,
miyendo ikuzungulira ngati akusewera.
Ine ndinatsika, ndinakankha.
Phiri linali litafunda chiperoni,
Chambe atangosuzumira ndi chipumi.

Kenaka damu.
Lili phee pakati pa bulugamu,
madzi akuda bii,
phiri lonse litagona chagada m'katimo.
Iye foni m'manja, kujambula, kujambulanso.
Ine maso ali pa mpope paja
pamene mlonda anandikwapula ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi
chifukwa cha tinsomba tinayi ta pa chingwe.
Bambo anga anawadula malipiro a masiku awiri.
Sindinamuuze zimenezo.
Anafunsa kuti kuzungulira ndi makilomita angati.
Ndinati ine ndimayeza ndi ludzu.

Kuseri kwa damu njira imawonda,
mizu, matope, anyani okhala pakati ngati a pa rodibuloko.
Pomwepo tayala lake linati fyuu.
Anatulutsa timabotolo, timipope, tizitsulo tonyezimira,
zonse zinakana.
Ndinamasula mphira pa kaliyala,
chigamba cha chubu chakale, guluu wa m'thumba la malaya,
malovu pang'ono ofufuzira pobooka.
Mwaphunzira kuti? Ndinaloza pansi.

Potsika mabuleki anga analira njira yonse
mpaka m'minda ya nanazi ya kwa Mayi Nasiyaya,
amene amasasitsa vinyo m'zigubu zabuluu kuseri kwa khitchini,
wa nanazi, wa nthochi, wina wa chidede wofiira psuu.
Tiyanjane anazunguza kapu yapulasitiki, ananunkhiza, anatsinzina,
akuti mukumveka dothi la m'phiri ndi kamvula pang'ono.
Mayi anaseka mpaka kugwira chipupa:
Mwanangu, ndi nanazi zimene zinandikanira pa msika wa Limbuli.
Anagulabe mabotolo anayi.
Njinga yake inalibe poika.

Ndiye ndinamangirira ine,
ndipo msana unakhazikika, miyendo n'kukumbukira ntchito,
poti tsiku lonse njinga yopanda katundu
inkandivinira ngati si yanga.

Pa Chitakale anandipatsa zoposa za makala a sabata,
akuti mwezi wamawa abwera ndi anzake asanu ndi mmodzi,
msewu umenewu asauthire phula, chonde.
Ndinavomera ndi mutu.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikuutukwana msewu umenewu,
wandithyolera masipoko, wandidyera matayala, wandichedwetsera odwala.

Usiku povula nsapato munagwa kamwala kofiira.
Mkazi wanga anati akataye panja.
Ndinati kasiye pawindo,
ndikaganizire kaye.