Vavu ya Dominga

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pansi pa nimu uyu pa Bangula,
kumata machubu a anyamata a kabaza.
Vavu ndimaidziwa ine.
Ndimaipaka malovu, n'kudikira thovu;
ikatulutsa, ndimaizula n'kuika ina.
Sindinkadziwa kuti munthunso amabadwa ndi yake.

Dominga wanga anayamba ndi kutsalira.
Anzake akuthamangira kudimba, iye ali pansi pa msawu,
dzanja pachifuwa, wefuwefu ngati mbuzi ya mu Okutobala.
Tinati ndi dzuwa.
Kuno chilichonse timanamizira dzuwa.
Kenaka anagwa pamjigo, ndowa ili pamutu,
madzi n'kumusambitsa asanatsitsimuke.

Ku Nsanje anamumvera pamsana, pachifuwa, pakhosi,
nakhala chete nthawi yaitali kuposa momwe ndinkafunira.
Akuti mtima ukuimba mluzu.
Anatilembera kalata ya kumtunda.

Tinakwera phiri kuchoka pa Thabwa, minibasi ikubuula,
chigwa chikufupika kumbuyo, Shire ngati ulusi wotaya telala,
mwana atatsamira mwendo wa amake.

Dokotala wa ku Blantyre anajambula papepala:
khomo lotulukira magazi, zitseko zitatu,
ziwiri zinamatana mwana asanaone kunja.
Mtima ukukankha, njira ili ngati diso la singano.
Ndinati: ndamva, bwana,
ndi pampu yolimbana ndi vavu yotseka;
mkono umatopa, pampu imatentha.
Anavula magalasi. Mumagwira ntchito yanji, bambo?

Sitimung'amba pachifuwa, anatero.
Tiboola apa, m'mphechepeche,
tilowetse kapaipi kowonda ngati waya wa buleki,
kakwere mumtsempha mosemphana ndi magazi
monga bwato lochoka ku Marka kulinga ku Chiromo,
kunsonga kwake kachibaluni kofota.
Kakafika pakhomopo, tikapopa.
Kamodzi, mwina kawiri,
zitseko zilekane pomwe zinagwirana.

Ine amene ndaphulitsa machubu osawerengeka
chifukwa chowonjezera kamodzi kokha,
ndinafunsa za mpweya.
Akuti amapoperamo madzi.
Zimenezo sizinanditonthoze,
koma ndinasaina. Dzina langa linatuluka lokhota.

Pabenchi Rozhina ankasuntha mikanda ya kolona.
Ine chala changa chinkapopa pabondo,
kuwerenga, kudandaulira munthu wosandiona:
lekezera pomwepo, m'bale wanga,
tsina kaye uone kulimba kwake,
usawonjezere.

Anatuluka ndi kabandeji kochepa kuposa zigamba zanga.
Anapempha madzi akumwa.
Kenaka anafunsa ngati anzake alemba kale masamu.

Dokotala sanandipake mafuta pakamwa.
Vavuyo ikhoza kumadontha pang'ono, anatero,
ikhoza kudzafinyikanso mwana akamasinkhuka.
Akulu amati m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri;
iye akuti mwina tidzapitamonso,
kapena tsiku lina mpeni udzafunikabe.
Tagula zaka. Muzibwera naye, osadumpha tsiku.
Ndinaseka, mpaka namwino anacheuka.
Mawu omwewo ndimauza anyamata anga:
chigamba si chubu chatsopano,
koma pa Tengani ukafika, ndipo ukabwerako.

Mvula yagwa kawiri chichokereni kumeneko.
Dzulo masana, nthaka ikuwotcha mapazi,
ndinaona fumbi likubwera kuchokera kusiteshoni yakale:
Dominga, kuthamangitsa mbuzi yomwe yaba chimanga cha eni.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuletse.
Ndinatsekanso.

Usiku atagona pamkeka pabwalo, kuthawa chifundizi cha m'nyumba,
ndinagwada, khutu pamsana pake,
monga ndimachitira ndi tayala lomwe sindikulikhulupirira.
Mluzu ulipobe.
Watsika, uli patali,
ngati wa msodzi kutsidya kwa dambo la Ndindi.
Ndinamvera mpaka udzudzu unandidziwa,
kenaka ndinamufunditsa neti,
n'kukatsegula kope langa la ngongole.
Tsamba lomaliza silikhala la kabaza:
m'menemo ndimasonkha ya minibasi ya mu Juni.