Masekondi Khumi ndi Awiri

Chikwama chija chidakali pamwamba pa kabati
kuno ku Matawale, chikununkhabe utsi.
Nasimango amati ndikachitaye kudzala.
Sindimuyankha.

Tsiku lija mvula inasandutsa bwalo galasi.
Mphepo inatikankha kumsana,
woyendetsa anachedwa kuponda pansi,
sanabwerere m'mwamba kukayesanso.
Kaya manyazi, kaya kutopa.
Matayala anasambira pamadzi,
msewu wa ndege unatha ife tisanaime.

"Siyani katundu! Tulukani!"
Mtsikana wa yunifolomu anakuwa mpaka kusasa mawu.
Ine chilili pakati pa njira,
kulimbana ndi kachitseko ka pamutu.
Wina ankajambula pa foni,
wina ankakwawa kusaka pasipoti.
Kumbuyo kwanga mayi wa mpango wobiriwira
ankandigogoda ndi chala chimodzi,
mwaulemu, ngati tili pamzere ku banki,
akutsokomola.

Panja, pa udzu wonyowa, sindinawaone.

Masekondi khumi ndi awiri.
Ndawawerenga zaka zisanu ndi chimodzi.
M'chikwamamo munali malaya awiri, tchaja,
ndi mabisiketi a ana, ophwanyika.

Lero chifunga chikatsetsereka phiri la Zomba
n'kumeza nyumba za ku Mulunguzi,
chala chija chimabwerera pakati pa mapewa.
Mu minibasi ya ku Chinamwali ndimakhala kukhomo,
manja lendelende.
Kondakitala amaseka: "A Likaka, katundu bwa?"
Ndimati ndinasiya.

Ndimanama.