Timbewu ta m'Madzi ku Tregaron

Bambo anga a Gwilym atapuma ntchito yogawa makalata
anakumba dziwe kuseri kwa nyumba,
kadziwe chabe, ngati chitseko chogonekedwa pansi.
Anaitanitsa maluwa a m'madzi ochokera kutsidya la nyanja,
mayina ake atalembedwa pa timapepala tapulasitiki,
ndipo mtengo wake anawabisira Mayi.
Chisanu cha Januwale chinawotcha onse.
Pofika Malichi munangotsala matope
ndi timapepala tija, tikuyandama chagada.

Tsiku lina anabwera kuchokera kukhwawa
buluku litanyowa mpaka m'mawondo,
m'thumba la jekete muli kamtengo kofiirira,
kopanda dzina lolembedwa, kopanda mtengo.
Anakatsindira ndi mwala m'mphepete mwa dziwe
n'kukaiwala.

Iko sikanaiwale.
Kanatambasula miyendo pansi pa madzi,
kanagwira apa, kanagwira apo,
kanadutsa pansi pa mpanda osaodira
n'kukatulukira m'ngalande ya mayi Prydderch,
amene sankalankhulana ndi Bambo
chiyambire nkhani ya galu ndi nkhosa zija,
zaka khumi ndi chimodzi.

M'Ogasiti timitu ta maluwa tinatuluka,
tozungulira, totuwira ku mtundu wa bulugama wa m'mawa,
agulugufe n'kumakanganirana malo.
Achule anabwera osaitanidwa.
Tombolombo wina ankatera pa chipewa cha Bambo
ngati walipira lendi.

Ndimakumbukira madzulo ena, mvula yawazawaza,
mayi Prydderch ataima pampanda, mtolo wa timbewu m'manja,
mizu ikudontha madzi pa nsapato zawo.
"Udzu wanu walowa kwanga," anatero.
Bambo anayankha, "Si wanga. Ndi wa khwawa."
Kenaka zii.
Fungo lokha ndi limene linkalankhula,
lozizira, lolowa mpaka kummero,
mpaka mayi aja anafunsa ngati amathira mu tiyi.

Chaka chatha tinagulitsa nyumbayo.
Ogula anati dziwe alikwirira, pakhale poimika galimoto.
Ndinathyola kanthambi kamodzi, n'kukakulunga mu nyuzipepala yonyowa,
ulendo wonse wa ku Cardiff kali pamiyendo panga.

Lero kali m'beseni lakale pakhonde, nsanjika yachitatu.
Katulutsa kale mwendo umodzi kunja kwa beseni,
kakufufuza njira yopita kwa aneba.
Ndikakatikita ndi chala
ndimamva nsapato za Bambo zikufwamphuka m'matope,
ndi mawu awo pakhomo:
"Nesta, tabweretsa thaulo, Mayi ako asanaone."