Sagona

Dzina lake lenileni lili m'Chipwitikizi,
ndipo kuno kwa M'baluku palibe analitchulapo molongosoka.
Anyamata a kabaza anachipatsa lina: Sagona.
Ndi lomwe ndinalemba ndi choko pachitseko cha okala yanga,
pansi penipeni pa mawu akuti ngongole mawa.

Chimafika Lachiwiri, chikafuna,
pa lole ya Che Twaibu yotsetsereka ku Chowe kuchokera ku Chiponde,
makatoni anayi otsamira matumba a nandolo.
Mvula ikakumba msewu,
kapena kwacha ikagwa chagada pamaso pa ndalama ya kutsidya,
furiji yanga imangosunga madzi a m'majumbo,
anyamata n'kumandiyang'ana ngati ndawadyera malipiro.

Chakuda ndiye chachisamba, chimatha dzuwa lisanafike paliwombo.
Chamandimu amatenga anamwino
opita kukachezera m'wodi pachipatala chachikulu,
ziwiriziwiri, kuzibisa m'chikwama ngati mlandu.
Chofiiracho akuti n'chachipatso cha kutali,
ine chimangondinunkhira mankhwala a chifuwa.
Chamalambe kulibe.
Ndinafunsa Che Twaibu chifukwa chake,
malambe ali mbwee kuseri kwa mzikiti.
Anaseka, nati a kufakitale sanalawepo dziko lino.

Mwanaidi wanga, wa folomu fili,
anandiwerengera timalemba ta kumsana kwa chitini
ataunika ndi tochi ya foni.
Madzi, shuga, shuga winanso wopsereza kuti chide,
mpweya wa thovu, asidi,
manambala angapo opanda mtundu kapena mfunda.
Kenako kafeini.
Yemwe uja wa mu tiyi, amayi,
koma muno amuthira ngati mchere wa mkazi wokwiya.
Pansi pake, tating'ono kuposa mazira a nsabwe:
ana asamwe, oyembekezera asamwe.
Ndinati bwanji mawu ofunikawo awalemba monong'ona?

Ajibu amamwa zitatu patsiku.
Amawoloka mlatho wa Shire kosawerengeka,
mzimayi ndi dengu lake kumbuyo, kapena thumba la simenti,
thukuta lili chuuu, dzuwa la Okutobala likusungunula phula.
Powerenga chenji zala zake zimanjenjemera.
Mkazi wake, Abiti Lifa, anabwera Lachisanu, mwana kumsana,
sanakhale pabenchi.
Musamamugulitse, anatero.
Usiku maso ali tong'oo kudenga,
mtima ukugunda ngati chigayo cha dizilo,
ndikamukhudza amadzidzimuka ngati ndine wapolisi.
Ndinayankha kuti ndamva.
Sindinamuuze kuti fizi ya Mwanaidi
imatuluka m'zitini zomwezo.

Sabata yathayi magetsi anazima masiku awiri.
Chitini chimodzi chophwanyika m'mbali, chofunda,
palibe akanachigula.
Ndinachitsegula, psii,
ndinamwa chonse, ine wa zaka makumi asanu,
wozolowera kugona nkhuku zikangolowa.

Ndinamva zonse usiku umenewo:
udzudzu ukuyesa bowo lililonse la neti,
malole akubuula pamlatho,
mlonda wa pafilingi akutsokomola,
khoswe akuwerenga katundu wanga m'mashelefu.
Ndinatulutsa kope la ngongole,
ndinawonkhetsa kawiri, katatu, mayina omwewo,
Ajibu, Ajibu, Che Saizi, Ajibu.
Mwazini poitana ndinali ndidakali tsonga,
m'kamwa muli gwaa, mutu ngati wobwereka.

Masana ake tulo tinabwera kudzalonjerera.
Tinandipeza pakauntala, ndalama zili m'manja,
tinandikhoma khosi ngati wakatapila,
kutenga zake ndi chiwongoladzanja.
Ndiye kuti m'chitinimo mulibe mphamvu ya munthu.
Muli ya mawa, yongokongola.

Lero Lachiwiri. Lole yafika, makatoni atatu okha,
chamandimu sichinabwere.
Ajibu waimika njinga, wapukuta nkhope ndi chipewa,
wayala makwacha ake onyowa pakauntala.
Ndamufunsa ngati wadya.
Akuti adya akapeza wokwera wachisanu.
Dzanja langa lili pachogwirira cha furiji,
ndipo Abiti Lifa akudutsa pamsewu ndi ndowa pamutu,
sakuyang'ana kuno.