Munthu Ali mu Mbawa

Ine ndinkasema mvuu.
Khumi pa sabata, zonse kukamwa yasa,
n'kuzipaka polishi wa nsapato kuti zide ngati phingo,
n'kuzindandalika m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde
kudikira galimoto yoti ichepetse liwiro.

Iye anatsika minibasi mwezi wa Okutobala,
Mangochi atayaka, phula likumata ku nsapato.
Chikwama chimodzi, ndi mpukutu wa chinsalu
momwe munagona matchizulo khumi ndi anayi,
aliyense m'kathumba kake ngati ana a munthu wolemera.
Anati dzina lake ndi Hisao.
Ana a pamsika anamutcha Che Isa, zinathera pomwepo.

Chichewa chake chinali chothyokathyoka,
tinkachitola pansi ndi manja.
Anati kwawo ku Japan chisanu chimakwirira zitseko,
bambo ake ankakonza zosema zokalamba za m'kachisi,
kulumikiza zala zoduka, kutseka maenje a nankafumbwe.
Zaka zitatu sanaloledwe kukhudza mtengo,
kunola basi, mwala ndi madzi, mwala ndi madzi,
mpaka chitsulo chimete tsitsi la pamkono.
Atakula anasiya milungu.
Anayamba kusema anthu odikira sitima,
mayi wogwira ambulera, kalaliki wogona choimirira.
Zaka khumi palibe anagula.
Usiku ankatsuka mbale m'nyumba yodyera.

Chipika cha mbawa chomwe ndinachikana
chifukwa cha mng'alu wotsika m'mbali mwake,
iye anachizungulira masiku awiri osachigunda.
Ndinati zamisala.
Tsiku lachitatu analoza Jafali wa kabaza,
amene amaima pafupi ndi mlatho wa Shire
phazi limodzi pansi, lina pa pedulo,
phewa lamanzere lotsika chifukwa cha matumba a usipa.

Jafali anafunsa kaye, mulipira zingati?
Kenako anafunsa ngati Shehe sadzakwiya.
Anakhala ndithu, ola limodzi m'mawa uliwonse,
akudandaula makasitomala omwe akumudutsa.

Sompho wanga amakalipa, go! go! go!
Tchizulo cha Hisao chinkanong'ona.
Tizibanthu tinkagwa topiringizika ngati masamba a anyezi.
Linayamba kutuluka phewa, lotsika lomwe lija,
kenako khosi, mtsempha wake,
kolala ya malaya yothetheka mbali imodzi.
Mng'alu uja sanaumate.
Unatsika kuchokera pa khutu kufika pa chifuwa
ndipo Jafali atauona anangoti zii,
dzanja lake likupita lokha pansi pa malaya
pomwe lole inamusiyira chipsera chaka cha njala.

Sandipepa sanamufune.
Anati munthu sasalala.

Mvula yoyamba isanagwe ananyamuka,
Jafali wa mtengo atakulungidwa m'mabulangete awiri.
Anandisiyira tchizulo chimodzi, chaching'ono pa zonse,
ndi mwala wonolera wokumbika pakati ngati mphero.

Patapita chaka chithunzi chinafika pa foni.
Chipinda choyera mbee, nyali kudenga,
anthu ovala majekete ataima manja kumbuyo
pamaso pa wakabaza wa ku Mpondasi.
Ndinamuonetsa mwini wake.
Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuseka:
Uyu ndiye wapeza bwino,
sapalasa, salipira chiphaso cha khonsolo.
Anakweza mayi wina ndi dengu la tomato, n'kumapita.

Mvuu ndikusemabe, ana amadya.
Koma kuseri kwa shedi kuli chipika cha mlombwa
chokhala ndi mfundo ziwiri pamalo oipa.
Ndachizungulira kuyambira Lolemba.
M'mawa uliwonse ndimanola kachitsulo kaja,
mwala ndi madzi,
tsitsi la pamkono latha mbali yonse.
Dzulo mayi wogulitsa mandasi pa depoti
anapendeketsa mutu powerenga chenji,
ndipo ndinaiwala kulandira yanga.